Mfuti yopepuka kapena yolemera? Mkangano wa alenje a mbalame ndi owombera timbale

Mfuti ziwiri zikhoza kulemera chimodzimodzi pa sikelo, koma munthu akaziika paphewa, ina imamveka ngati ndodo pamene inzake imamveka ngati mtanda wa denga. Kusiyana kumeneku kwakhala kukukanganitsa opanga mfuti, alenje ndi ochita mipikisano kwa zaka zoposa 100, makamaka ku Britain, ku Italy ndi ku America.

Mfuti imene tikunena pano ndi shotgun, imene ena amaitcha chifefe. Siponya chipolopolo chimodzi ayi, imaponya njere zambirimbiri za mtovu kapena zachitsulo zimene zimamwazika zikatuluka mu mpope. Ntchito yake ndi kuwombera chinthu chouluka, kaya mbalame kaya kambale ka dothi koponyedwa ndi makina. Mwini wake saimitsa mfuti n'kumayang'anitsitsa ngati wowombera gwape woima. Amaiyendetsa motsata chinthucho, n'kukhethemula mfuti ikadayenda. Chifukwa chake n'chosavuta. Njere zimatenga nthawi yopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kuti zifike pa mtunda wa mamita 35. Mbalame youluka pa liwiro la makilomita 65 pa ola imakhala itasuntha pafupifupi mamita 2 m'kanthawi kameneko. Wowombera pamene mbalame ili amaphonya. Ayenera kuwombera pamene ikupita. Choncho funso lonse ndi lakuti: ndi mfuti yotani imene imayenda bwino m'manja mwa munthu?

Zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza

Choyamba ndi kulemera kwa mfuti yonse. Mfuti ya 12-bore (nambalayi imanena kukula kwa bowo la mpope, ndipo ikamakwera bowo limachepa) ya mipope iwiri yopangira ulenje woyenda pansi imalemera pafupifupi makilogalamu 3. Ya mpikisano imayambira pa makilogalamu 3.6 mpaka 4 kapena kupitirira pang'ono. Izi sikelo imanena popanda wotsutsa.

Chachiwiri ndi malo amene mfuti imakhazikika mukaisanjika pa chala, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa mfuti yothyola pakati, anthu amayezera pa hinji, pamene mipope imalumikizana ndi thupi la mfuti. Ikakhazikika kutsogolo kwa hinji amati ndi yolemera kukamwa. Ikakhazikika kumbuyo amati ndi yolemera kuphewa. Aliyense wogwirapo khasu amadziwa tanthauzo la zimenezi. Mukagwira kumapeto kwa mpini, khasu limalemera. Mukagwira pafupi ndi chitsulo, khasu lomwelo limapepuka. Dzanja limamva mtunda umene ulipo pakati pa ilo ndi pamene pali kulemera.

Chachitatu n'chimene ambiri amachiiwala, chonsecho ndiye mwini nkhani. Tengani nsungwi ya mamita 2 ndi njerwa ziwiri. Mangirirani njerwazo pafupi ndi pakati, gwirani pakatipo, muzungulitse nsungwiyo uku ndi uku. Imamvera msanga, ndipo mukafuna kuiimitsa imaima. Tsopano sunthani njerwazo, ina kunsonga ino ina kunsonga inayo. Kulemera sikunasinthe, ndipo nsungwi ikukhazikikabe pakati pomwe paja. Koma kuti iyambe kuzungulira pakufunika mphamvu, ndipo ikayamba siifuna kuima. Asayansi amatcha khalidwe limeneli moment of inertia. Lamulo lake ndi lakuti kulemera kumachulukitsidwa ndi mtunda kawiri. Motero magalamu 50 oikidwa pa masentimita 60 kuchokera pakati amagwira ntchito yofanana ndi magalamu 200 oikidwa pa masentimita 30. Kanthu kakang'ono kukamwa kwa mfuti kamasintha kayendedwe kake kuposa chinthu chachikulu choikidwa pakati pa manja.

Alenje a ku Britain akamayamikira mfuti amati kulemera kwake kuli pakati pa manja. Akutanthauza nsungwi yoyamba ija.

Kumene mkanganowu udachokera

Mfuti zothyola pakati zidafala ku Britain pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku London cha mu 1851. Popeza zinkadzazidwa mwachangu, ulenje wa anthu olemera udasintha. M'malo moyenda ndi galu kufunafuna mbalame, mlenje ankaima pamalo amodzi, gulu la anthu n'kumapirikitsira mbalame kwa iye. Makampani monga Purdey, Holland & Holland ndi Boss adapanga mfuti ya mipope iwiri yogundizana m'mbali, yowonda, ya makilogalamu 3 kapena kuchepera pang'ono, yofulumira kukwera paphewa. Kwa nthawi yaitali imeneyi ndiyo inkatengedwa ngati mfuti yeniyeni ya mbalame.

W. W. Greener wa ku Birmingham, amene dzina lake n'lodziwika ngakhale ku Malawi chifukwa cha mfuti za Greener za mpope umodzi, ndiye amatchulidwa pa lamulo la 96. Lamuloli limati mfuti ilemere kuwirikiza ka 96 kulemera kwa njere zimene ikuponya. Njere za magalamu 28 zimafuna mfuti ya makilogalamu 2.7, za magalamu 32 zimafuna ya makilogalamu 3 ndi pang'ono. Ikapepuka kuposa apo, phewa limalira.

M'zaka zomwezo kudali masewera owombera nkhunda zamoyo zotulutsidwa m'timabokosi, ndipo pankayenda ndalama zambiri za juga. Owombera ake ankaponya njere za magalamu pafupifupi 36, ndipo mfuti zawo zinkafika pa makilogalamu 3.4. Mfuti ya mpikisano ya lero ndi mdzukulu wa mfuti imeneyi. Mu 1880, George Ligowsky wa ku Cincinnati adalembetsa kambale ka dothi koponya m'malo mwa nkhunda, ndipo dziko la Britain lidaletsa kuwombera nkhunda za m'mabokosi mu 1921. Masewera owombera timbale otchedwa skeet adayambira ku Andover, Massachusetts, cha mu 1920, poyamba ngati njira yoti alenje azidzikumbutsa luso nyengo ya ulenje ikatsekedwa.

M'ma 1920 momwemo Robert Churchill wa ku London adautsa mapiri pachigwa. Ankagulitsa mfuti ya mipope ya mainchesi 25, imene adaitcha XXV, pa nthawi imene ambiri ankakhulupirira mainchesi 28 kapena 30. Mfundo yake idali yakuti mlenje ayang'anitsitse mbalame yokha, manja atsate maso, ndipo akhethemule mfuti ikangofika paphewa. Kawomberedwe kotere kamafuna mfuti yomvera msanga. Otsutsa ankati mfuti yaifupi imayamba msanga koma imaimanso msanga, ndipo pa mbalame yakutali imasiya njere kumbuyo. Mbali zonse zidali ndi mfundo, kungoti aliyense ankaganiza za mbalame yosiyana ndi ya mnzake.

Amene adabweretsa masamu pa nkhaniyi ndi Gough Thomas, injiniya amene ankalemba m'magazini ya Shooting Times pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iye adaonetsa kuti chimene alenje ankachitcha umoyo wa mfuti n'chinthu choyezeka, ndipo chimadalira mmene kulemera kwagawikira, osati malo okhazikika okha. Koma msika udalowera kwina ndi kumene Churchill ankafuna. Mfuti ya mipope yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, idalanda malo: Browning Superposed idatuluka mu 1931, ndipo Perazzi MX8 ya ku Italy idapangidwira mipikisano ya Olympics ya mu 1968. Lero mipope ya mainchesi 30 ndi 32 ndiyo yadzaza m'mabwalo a mipikisano.

Chifukwa chake mfuti yolemera simenya phewa kwambiri

Pa mfundo iyi palibe mkangano, chifukwa ndi masamu. Njere zikapita kutsogolo, mfuti imabwerera m'mbuyo ndi kukankha kofanana. Tiyerekeze njere za magalamu 28 zotuluka pa liwiro la mamita 400 pa sekondi, tisiye kaye kuwerengera mpweya wa wonga. Mfuti ya makilogalamu 2.8 ibwerera pa liwiro la mamita 4 pa sekondi. Ya makilogalamu 3.8 ibwerera pa liwiro losafika mamita 3. Mphamvu yofika paphewa imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kilogalamu imodzi yokha yachita zimenezo.

Kwa mlenje wowombera kasanu pa tsiku, kusiyanaku n'kosadetsa nkhawa. Kwa munthu wowombera ka 100 kapena ka 200, ndi nkhani yaikulu. Thupi limaphunzira kuopa. Munthu amayamba kutsinzina kapena kugwedeza mfuti asanakhethemule, mwinanso chala chimakana kukoka. Chizolowezi chimenechi chikalowa chimavuta kuchichotsa. Kukankha kumakwezanso kukamwa kwa mfuti, kotero kuti kuwombera kachiwiri kumachedwa.

Apa ndi pamene makolo ndi aphunzitsi ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Poona kuti wophunzira ndi wamng'ono thupi, amamupatsa mfuti ya 20-bore ya makilogalamu 2.6, koma n'kuidzaza ndi zipolopolo za njere za magalamu 28. Mfutiyo imamumenya kuposa mmene 12-bore yolemera ikadachitira ndi njere zomwezo. Kuchepa kwa mpope sikuchepetsa kukankha. Chimene chimachepetsa ndi njere zochepa, liwiro lochepa kapena mfuti yolemerapo. Mfuti zodzidzaza zokha pogwiritsa ntchito mpweya wa wonga, monga Remington 1100 ya mu 1963, zimathandiza mwa njira ina: zimatalikitsa nthawi ya kukankhako, phewa n'kumva ngati lakankhidwa m'malo momenyedwa.

Pa bwalo la timbale

Kambale ka mpikisano ndi ka mamilimita 110 m'mimba mwake ndipo kamalemera magalamu pafupifupi 105. Pa Olympics, wopikisana amawombera timbale 125 asanafike mu ndime yomaliza, ndipo malamulo a bungwe la ISSF salola njere zopitirira magalamu 24. Tikatsata lamulo la Greener, njere zimenezi zikanakwanira mfuti ya makilogalamu 2.3. Komabe akatswiri amanyamula mfuti monga Beretta DT11, Perazzi kapena Krieghoff K-80, zimene zimayandikira makilogalamu 4. Ndiye kuti kulemera kwake sikongotetezera phewa. Akugula kayendedwe kosadukiza.

Vuto lalikulu la wowombera chinthu chouluka ndi kuimitsa mfuti pa nthawi yokhethemula. Diso limati tafika, manja n'kuima, kambale n'kupitirira. Mfuti imene ili ndi kulemera chakutsogolo imakana kuima, ngati nsungwi yachiwiri ija. Imamezanso kanjenjemera ka manja ndi kugwedezeka kobwera chifukwa cha mantha a mpikisano. Mwachidule, imakhululukira zolakwa zing'onozing'ono.

Mitundu ya mipikisano imafuna zosiyana pang'ono. Pa trap, mfuti imakhala kale paphewa munthu asanaitane kambale, ndipo kambaleko kamathawa kutsogolo kakukwera. Pa trap ya Olympics makina 15 amakhala mu ngalande mamita 15 kutsogolo kwa owombera. Mfuti siyenda mtunda wautali, choncho kukhazikika ndiko kofunika, ndipo mipope yaitali ndi yolemera imakondedwa. Pa skeet ya Olympics zinthu n'zosiyana. Wowombera amayamba mfuti ili m'munsi, mtengo wa paphewa uli cha m'chiuno, kambale kakhoza kuchedwa mpaka masekondi 3, ndipo nthawi zina timatuluka tiwiri kuchokera mbali zosiyana. Mfuti iyenera kukwera msanga, kutsata koyamba, n'kubwerera kutsata kachiwiri. Kulemera kochuluka kukamwa kumachedwetsa kubwerera kumeneku. Sporting, imene imatsanzira mbalame zosiyanasiyana ndi kalulu wothamanga pansi, ili pakati, ngakhale kuti timbale takutali takokera anthu ambiri ku mainchesi 32.

Chinthu chimodzi chimalola zonsezi: pa bwalo munthu sanyamula mfuti mtunda wautali. Amaiika pa choikapo, n'kuitenga nthawi yake ikakwana. Amadziwanso mbali imene kambale katulukire.

Kutchire

Mlenje woyenda pansi alibe mwayi umenewo. Wosaka nkhwali za m'mapiri a ku Eastern Cape ndi agalu, kapena wosaka zinziri ndi mbalame za grouse m'nkhalango za ku America, amayenda maola ambiri n'kuwombera kangapo kokha. Mbalame imadzuka mosayembekezereka, phazi lina lili pa mwala lina m'dzenje, ndipo pakatha masekondi awiri yalowa kuseri kwa mtengo. Mfuti ya makilogalamu 4 imakhala itatsikira m'dzanja limodzi kapena itagona paphewa chifukwa cha kutopa, ndipo pofika pokwezedwa mbalame yapita. N'chifukwa chake alenje otere amakonda 20-bore kapena 28-bore za makilogalamu 2.5 mpaka 2.9. Mtengo wake amaulipira pa mbalame yodutsa chopingasa patali, pamene mfuti yopepuka imadumphadumpha n'kuima msanga.

Koma si ulenje wonse umene uli woyenda. Wodikira abakha ndi atsekwe amakhala pamalo amodzi ndipo amaponya njere zambiri. Kuyambira mu 1991 dziko la America lidaletsa njere za mtovu pa mbalame za m'madzi, ndipo njere zachitsulo, pokhala zopepukirapo, zimaponyedwa pa liwiro lalikulu. Apa mfuti yolemera ndi bwenzi. Ku Córdoba, m'dziko la Argentina, munthu akhoza kuwombera zipolopolo zoposa 1,000 pa tsiku pa njiwa zowononga mbewu, ndipo ambiri amasankha 20-bore yodzidzaza yokha kuti phewa lifike madzulo. Nkhunda zam'tchire zimene zimagwa m'minda ya mpendadzuwa ku Free State, ku South Africa, zimafunanso mfuti yofanana ndi ya mpikisano. Ngakhale ku Britain komwe, m'zigwa za ku Devon ndi ku Wales kumene mbalame za pheasant zimaulutsidwa m'mwamba kwambiri, mfuti yowonda ya makolo ija yagonjera mfuti ya mipope ya mainchesi 32 yoponya magalamu 32 kapena kuposa.

Choncho mzere weniweni sudutsa pakati pa timbale ndi mbalame. Umadutsa pakati pa munthu woyenda kwambiri n'kuwombera pang'ono, ndi munthu woima n'kuwombera kwambiri.

Zimene akatswiri akadatsutsana

Mawu akuti mfuti yabwino imakhazikika pa hinji amanenedwa m'masitolo ngati lamulo. Mawuwa adachokera pa mfuti za ku Britain za mipope yogundizana m'mbali, ndipo hinji sikhala pa mtunda wofanana kuchokera pokhethemulira pa mfuti zonse. Komanso wogulitsa akhoza kuika mtovu m'bowo la mtengo wa paphewa kuti mfuti yolemera kukamwa ikhazikike pa hinji. Pa chala ioneka yabwino, koma njerwa zija zapita kunsonga zonse ziwiri, ndipo m'manja imveka yakufa. Kuyeza kolongosoka ndi kuchokera pokhethemulira, ndipo ngakhale kumeneko kumangonena gawo la nkhani.

Mkangano wa kutalika kwa mipope nawo sunathe. Kutalika pakokha sikuwonjezera mphamvu yoti n'kuitchula, chifukwa wonga wa masiku ano umakhala utapsa njere zisanafike kukamwa. Okonda mipope yaitali amati imathandiza diso kuloza ndipo imasalaza kayendedwe. Ena amati ndi fasho chabe imene anthu wamba atengera kwa akatswiri amphamvu zawo. Chotsimikizika n'chakuti kutalika ndi kulemera si chinthu chimodzi. Mpope wa mainchesi 32 wa chitsulo chopyapyala ukhoza kumvera msanga kuposa wa mainchesi 28 wokhuthala kukamwa, makamaka ngati uli ndi machoke opotera, timapaipi tosinthira kamwazidwe ka njere, amene adafala kuyambira m'ma 1970. Opanga mfuti a ku Italy amadinda kulemera kwa mipope pa chitsulo chake, ndipo wogula wochenjera amayang'ana nambala imeneyo asanafunse za mainchesi.

Palinso kusiyana kwa kaphunzitsidwe. Amene amayamba mfuti ili kumbuyo kwa kambale n'kukapitirira mwaliwiro amafuna mfuti yomvera. Amene amasunga mpata wofanana kutsogolo kwa kambale mpaka kukhethemula amafuna yokhazikika. Mphunzitsi aliyense amayamikira mfuti yogwirizana ndi njira yake, ndipo n'chifukwa chake malangizo awo amaoneka otsutsana. Pamwamba pa izi pali thupi la munthu. Makilogalamu 3.8 kwa munthu wamtali wa manja amphamvu si chimodzimodzi kwa wamfupi, amene dzanja lake lakutsogolo limagwira pafupi ndi hinji n'kusiya mpope wonse ukulendewera.

Zimene mwini mfuti angachite

Asanaganize za kulemera, aone ngati mfuti ikumukwana. Ngati diso silikhala bwino pamwamba pa mpope mfuti ikafika patsaya, palibe mtovu umene ungakonze zimenezo. Kufupikitsa kapena kutalikitsa mtengo wa paphewa kumasunthanso malo okhazikika, choncho kukwana kuyambe, kulinganiza kubwere pambuyo.

Kuyesa kwake n'kosafuna ndalama. Atatsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, aikweze paphewa ka 20 motsatizana. Ngati cha kumapeto mpope ukugwa kapena msana ukupindikira kumbuyo, mfutiyo yamulemera. Kenako atsate ndi mpope mzere umene khoma limakumana ndi denga, pang'onopang'ono. Mpope ukamadumpha pamwamba ndi pansi pa mzerewo, kutsogolo kwapepuka. Akhoza kumata ndalama zachitsulo zochepa pansi pa mpope ndi tepi, n'kuyesanso, akuwonjezera magalamu 20 kapena 30 pa nthawi. Makampani monga Beretta ndi Blaser amagulitsa tizitsulo tolinganizira pa mipope ndi mu mtengo wa paphewa, koma mfundo yake ndi yomweyo. Wa mfuti yosunga zipolopolo m'paipi ya pansi pa mpope akumbukire kuti chipolopolo chilichonse chimalemera magalamu 40 kapena kuposa, choncho mfuti yodzaza ndi yopanda kanthu siziyenda mofanana.

Kwa munthu amene angakwanitse mfuti imodzi yokha, 12-bore ya makilogalamu 3.3 mpaka 3.5, ya mipope ya mainchesi 28 kapena 30, yokhazikika pa hinji kapena kutsogolo pang'ono, imagwira ntchito zonse ziwiri popanda kumuchititsa manyazi. Mfuti yopepuka imakopa m'sitolo chifukwa kumeneko munthu amangoikweza, saiwombera. Musalipire ndalama musanaiwombere timbale 25, ndi zipolopolo zomwe mudzagwiritse ntchito.